Ludzu M'mbali mwa Nyanja: Ulendo wa ku Tukombo

Tidanyamuka ku Nkhotakota m'mamaŵa, mwezi wa Okutobala, ndipo tidatsata msewu wa m'mbali mwa nyanja kuloŵera kumpoto. Pa Dwangwa tidadutsa pakati pa minda ya nzimbe yobiriŵira ngati ndi dzinja, chonsecho kunja kwa mindayo udzu udali utauma ndipo mapiri ankafuka utsi wa lupsa. Fakitale ya shuga ya kumeneko idayamba kugaya mu 1979, ndipo nzimbe zake zimapyola chilimwe chifukwa cha madzi othirira. Titawoloka mtsinje wa Dwambazi tidaloŵa m'boma la Nkhata Bay, dziko la abale athu Atonga, ndipo posakhalitsa tidatsika pa Tukombo.

Malo ameneŵa ndi kamzere ka dziko kopanikizika pakati pa mapiri kuzambwe ndi nyanja kuvuma. Paliponse pamene diso lingagwe pali chinangwa, mitengo ya mango ndi mchenga woyera. Kugombe asodzi adali atayanika usipa pa thandala, ndipo mabwato adali chigonere kudikira usiku. Kuno ndiko kwawo kwa malemu Aleke Banda, amene adakhalapo nduna ya zachuma ndiponso ya zamalimidwe, nayambitsa nyuzipepala ya The Nation mu 1993. Adamwalira mu 2010 ndipo adaikidwa konkuno. Koma ife sitidadzere mbiri ya ndale. Tidadzacheza ndi banja lina limene tidadziŵana nalo kalekale, limene lili ndi nazale ya mbande zogulitsa ndiponso nyumba ya pulasitiki yolimamo tomato. Zimene tidaona pakhomo pawo ndizo tifuna kukambirana nanu, aŵerengi athu, makamaka inu makolo amene muli ndi ana ofuna kuyamba ulimi wa malonda.

Mlendo akafika kuno amaganiza kuti vuto la madzi n'losadziŵika. Nyanja ya Malaŵi, imene m'litali mwake ndi makilomita oposa 550 ndipo pena imazama mamita 700, ili pakhomo penipeni. Madzi ake alibe mchere wopsereza mbewu. Mvulanso imagwa yambiri, pafupifupi kaŵiri kuposa ya ku Lilongwe, ndipo imachedwa kuleka. Komabe kuyambira Seputembala kufikira Novembala dzuŵa limaŵala mwaukali, ndipo dothi la mchenga silisunga chinyezi. Nthaŵi imeneyi ndiyonso imene mbande za mitengo zimakhala zili m'machubu, kudikira nyengo yodzala imene m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala. Mbande ikaphonya madzi masiku aŵiri okha m'kutentha kotere, ntchito ya miyezi itatu yapita. Tsono munthu angathe kukhala akuyang'ana nyanja, mbewu zake zili kufota ndi ludzu kumbuyo kwake.

Titalandiridwa ndi nsima ya kondowole ndi usipa wofutsa, abambo a pakhomopo, mphunzitsi wopuma pa ntchito, adatitengera kumunda natifotokozera za kugwa kwawo koyamba. Monga zimakhalira m'mabanja ambiri a m'boma lino, kumene amuna akhala akupita kukagwira ntchito kum'mwera chiyambire masiku a migodi, iwo ali ndi mwana ku Johannesburg. Mwanayo adasunga ndalama kwa zaka zingapo natumiza kuti makolo ake aleke kusenza ndowa. Ndalamazo zitafika, abambo adakwera basi nakagula injini yopopera madzi, mapaipi, pulasitiki ndi timipope todonthetsa madzi. Adagula zonsezo tsiku limodzi, asanayeze kanthu.

"Aphunzitsi anzanga," adatero potiuza, "ine ndidaphunzitsa masamu zaka zambiri, koma tsiku limenelo masamu ndidaŵasiya pakhomo."

Injini adaiika pamchenga, pafupi ndi madzi. Paipi yokwera nayo kumunda adasankha yopyapyala chifukwa idali yotsika mtengo. Sefa sadagule, poganiza kuti madzi a m'nyanja ndi oyera kale. Milungu yoyamba zonse zidaoneka bwino, ndipo anthu ankabwera kudzaonerera. Kenaka tomato wa kuchiyambi kwa mizere adayamba kuchita chikasu chifukwa cha madzi ochuluka, pamene wa kumapeto ankafota. Mwera ukawomba, mafunde ankavundula mchenga, injini n'kuukoka, timabowo todonthetsa n'kutsekeka kamodzikamodzi. Mafuta ankatha ngati akumwedwa. Pomaliza, m'chaka cha 2024, nyanja idakwera kwambiri monga idachitiranso mu 1980, nimiza magombe ambiri kuyambira ku Mangochi mpaka kuno kumpoto. Kanyumba ka injini kadaloŵa madzi. Amayi ndi adzukulu adabwerera ku ndowa, ndipo mdzukulu wamkulu, mtsikana wa ku sekondale, ankafika m'kalasi mochedwa ndiponso atatopa. Chimene chidaŵaŵa kwambiri, adatero amayi, sichidali tomato wotayikayo ayi, koma kusoŵa mawu omuuza mwana amene adadzimana kuchilendo. Akuluakulu adati madzi akatayika sawoleka.

Chimene chidatikondweretsa n'chakuti banjali silidataye mtima. Lidaitana mlangizi wa zaulimi, ndipo ulendo wachiŵiri lidayamba ndi kope ndi pensulo, osati ndi sitolo. Abambo adatisonyeza kopelo. Mudali mafunso anayi, ndipo tiŵalemba pano monga momwe tidaŵamvera, chifukwa ndi omwewo amene amafunsa akatswiri okonza minda ikuluikulu.

Funso loyamba: kodi mbewuzi zimamwa madzi ochuluka bwanji? Nthaŵi yotentha, tomato wamkulu amafuna malita ngati 5 patsiku pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Nyumba yawo ya pulasitiki ndi ya mamita 15 m'litali ndi 8 m'lifupi, ndiye kuti malo otere alimo 120. Kuchulukitsa 120 ndi 5 kumapereka malita 600, amene ndi ndowa 30 za malita 20. Nambala imeneyi ndiyo mutu wa zonse. Ndiyo imauza munthu kukula kwa thanki, mphamvu ya pampu ndi kukula kwa paipi. Injini imene adagula poyamba ikadatha kutulutsa madzi amenewo m'mphindi zochepa. Idali ngati kugula ng'ombe yokoka ngolo pofuna kunyamula dengu limodzi la chinangwa.

Funso lachiŵiri: kodi madziwo achokera kuti, ndipo akwera mtunda wotani? Apa padali phunziro la nyanja. Nyanja yathu siikhala pamalo amodzi. Chaka chilichonse imakwera mvula ikatha n'kutsikanso m'chilimwe, ndipo pa zaka zambiri imasintha koposa apo: pakati pa 1915 ndi 1935 idatsika mpaka mtsinje wa Shire udaleka kutuluka bwino m'nyanjamo, ndipo mu 1997 idatsikanso kwambiri. Woika makina pagombe ayenera kufunsa nkhalamba za pamudzi kuti madzi adafikapo pati. Banjali lidasiya gombe nilikumba chitsime chosazama chakumtunda, kumene mafunde safika. Madzi a m'chitsimemo amadza atasefedwa kale ndi mchenga wa pansi, ndipo ana salowanso m'madzi a m'mabango kumene kuli nkhono za likodzo ndi ng'ona. Kutalika kwa chitunda adakuyeza ndi kapaipi koonekera kodzaza madzi, monga amachitira amisiri omanga nyumba. Adaphunziranso kuti pampu yokhala pamwamba, kaya ndi ya injini kaya ndi yopalasa ndi miyendo ija idafala m'madimba kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, siingakoke madzi ozama kupitirira mamita ngati 7. Kukankha madzi kupita kumtunda n'kosavuta kwa pampu kusiyana ndi kuŵakoka. Chifukwa chake adaika kapampu ka mphamvu ya dzuŵa m'chitsime mwenimwenimo. Dzuŵa likamaŵala kwambiri, pamene mbewu zimamva ludzu, ndi pamenenso kapampuko kamagwira ntchito mwamphamvu, nikadzaza thanki ya malita 1,000 yokhala pa nsanja.

Za paipi yopyapyala ija, mlangizi adaŵauza chinthu chimene ifenso chidatidabwitsa. Madzi akamayenda m'paipi amakhulana ndi khoma lake, ndipo mphamvu yawo imachepa. Munthu akachepetsa kukamwa kwa paipi ndi theka, koma nafuna kuti mudutse madzi omwewo, mphamvu yotayika imachuluka pafupifupi ka 30. Ndalama imene adaganiza kuti apulumutsa pogula paipi yaing'ono ankailipira tsiku ndi tsiku pogula mafuta.

Titaima pansi pa nsanja ya thankiyo tidakumbukira kuti nzeru yolola madzi kutsika okha si yachilendo kuno kumpoto. Amishoni a Livingstonia atachoka ku Cape Maclear adakhazikika ku Bandawe mu 1881, mtunda wochepa kumpoto kwa Tukombo, ndipo mu 1894 adakwera ku Khondowe. Kumeneko Dr Robert Laws adatenga madzi kumapiri ndi mapaipi achitsulo, mothandizidwa ndi ndalama za Lord Overtoun, ndipo madziwo adafika pamishoni popanda pampu, poti gwero lake lidali pamwamba. Lamulo lake ndi lomwelo lero: madzi akakhala pamwamba amakhala ndi mphamvu, ndipo mita iliyonse yokwera imawonjeza mphamvuyo. Kwa munda waung'ono wa mizere yaifupi, thanki yokwezedwa mamita aŵiri kapena atatu imakwanira kuyendetsa timipope todonthetsa. Komano nsanja ikhale yolimba, chifukwa malita 1,000 amalemera makilogalamu 1,000.

Funso lachitatu: kodi madziwo ndi oyera mokwanira? Kabowo kodonthetsa madzi n'kakang'ono kwambiri, ndipo kamchenga kamodzi kapena ndere pang'ono zimakatseka. Madzi ooneka oyera m'kapu angathe kukhala ndi zokwanira kupha munda wonse. Tsopano pakamwa pa thanki yawo pali sefa, imene amayi amaitsuka ndi kaburashi m'maŵa uliwonse. Thankiyo ndi yakuda ndiponso yovundikira, chifukwa ndere zimamera pamene kuŵala kwaloŵa. Loŵeruka lililonse amatsegula mapeto a mizere kuti madzi atuluke mwamphamvu ndi kutsuka matope a m'kati. Feteleza wothira m'madzi amasankha wosungunuka yense. Wa mibulu wa m'munda wa chimanga amasiya zinyalala zotseka timabowo.

Funso lachinayi: kodi mbewu yomalizira ikumwa ngati yoyamba? Apa ndipo tidaona chida chotsika mtengo koposa zonse m'mundamo. Mdzukulu uja adatenga makapu aŵiri ofanana, naika imodzi pansi pa kabowo koyamba ka mzere, ina pansi pa komalizira, natsegula madzi kwa mphindi khumi. Akatswiri amati kusiyana kwa makapuwo kusapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi. Kukapitirira, ndiye kuti mzere watalika kwambiri, kapena thanki yatsika, kapena penapake patsekeka. Pofuna kufananitsa madzi, banjali lidadutsitsa paipi yaikulu pakati pa nyumbayo kuti mizere ikhale yaifupi mbali zonse ziŵiri, ndipo mbali iliyonse ili ndi mpopi wake.

Dothi nalonso lili ndi mawu ake pa nkhaniyi. Abambo adakumba pansi pa kabowo kamodzi kuti tione. M'dothi la makande madzi odontha amafalikira m'mbali, chinyezi n'kukhala chobulungira ngati anyezi. Mumchenga wa ku Tukombo amatsika molunjika ngati muzu wa chinangwa, ndipo ukathirira nthaŵi yaitali amapitirira mizu, natenga ndi chakudya cha mbewu chomwe. Choncho timabowo tiyenera kuyandikana, masentimita 20 kapena 30, ndipo kuthirira kukhale kwa pang'ono koma kaŵiri kapena katatu patsiku. Manyowa ndi udzu wophimbira zimathandiza mchenga kugwira chinyezi. Akatswiri a ulimi wothirira amaŵerengera kuti pothirira m'ngalande, pafupifupi madzi anayi mwa khumi amatayika. Powaza m'mwamba amatayika ngati gawo limodzi mwa anayi. Koma podonthetsa, ngati zonse zili bwino, limatayika gawo limodzi lokha mwa khumi.

Tidafunsa chifukwa chomangira nyumba ya pulasitiki m'dziko lotentha chotere. Amayi adaseka natiuza kuti nyumbayo si ya kuzizira, koma ya mvula. M'dzinja tomato wa pabwalo amapsa masamba ndi chiwawu, chifukwa matenda amenewa amakonda tsamba lonyowa, ndipo pamsika tomato amasoŵa, mtengo n'kukwera. M'nyumba ya pulasitiki mvula siigwera masamba, ndipo madzi odontha amafika pamuzu pokha. N'chifukwa chake kuthirira ndi keni m'nyumba yotere kuli ngati kufolera denga kenaka n'kumathira madzi pamphasa. M'mbali mwa nyumbayo adaikamo ukonde m'malo mwa pulasitiki, kuti mphepo ya kunyanja idutse ndi kuchotsa kutentha. Malo ogona alendo a ku Kande ndi Chintheche amafuna ndiwo zamasamba chaka chonse, ndipo kumeneko ndiko amagulitsa zambiri.

Nazale ya mbande ili ndi malamulo ena. M'machubu muli dothi lochepa, ndipo mbewu zofesa kumene zimakokoloka ndi dontho lalikulu. Kumeneko sadonthetsa ayi. Adafikitsa mpopi pakati pa nazale, ndipo amathirira ndi keni ya timabowo tating'ono, m'maŵa ndi madzulo, pansi pa mthunzi wa udzu. Mtunda wonyamula madzi, umene kale udali wochokera kunyanja, tsopano ndi mapazi khumi. Milungu yomaliza mbande zisanagulitsidwe amachepetsa madzi ndi mthunzi kuti zikhwime, poti mbande yoleredwa mwa ulemu wambiri imafa ikangofika kumunda. Tidaona malalanje ndi mango omezanitsa, mapapaya, magwafa ndi mitengo ya nkhuni. Ntchito ya nazale yazika mizu m'dera lino: bungwe la RIPPLE Africa, limene lidayamba ku Mwaya mu 2003, lathandiza magulu a m'midzi kufesa mitengo, ndipo minda ikuluikulu ya m'boma lomweli, ya mphira ku Vizara ndi ya tiyi ku Kawalazi, nayonso mitengo yake idayambira m'nazale.

Luso lodonthetsa madzi lidakula m'dziko louma la Israel. Katswiri wina wa zamadzi, Simcha Blass, adaona mtengo umene udakula kuposa anzake chifukwa paipi yodontha idali pafupi ndi mizu yake. Mu 1965 adagwirizana ndi mudzi wa Hatzerim, m'chipululu cha Negev, ndipo padabadwa kampani ya Netafim. Kuno kwathu luso lomweli lidafika pa nyumba zikuluzikulu zolimamo ndiwo zamasamba ku Lumbadzi, pafupi ndi bwalo la ndege la Kamuzu. Kusiyana kwa kumeneko ndi ku Tukombo ndi kukula kokha ndi ndalama. Mafunso anayi aja sasintha. Ndipo amene munda wake wakula mpaka kupopa madzi ambiri a malonda m'nyanja kapena mumtsinje akumbuke kuti lamulo la zamadzi la 2013 limafuna chilolezo, chifukwa madziwo ndi a asodzi ndi a midzi ya kumunsi omwe.

Sitikunena kuti banja lililonse lithamangire kugula pulasitiki. Ambiri a ife mabedi asanu a mpiru ndi keni imodzi n'zokwanira, ndipo timipope timatha pakapita zaka zingapo, makoswe amatiboola pofuna madzi, kotero kuti pamafunika kusunga ndalama yogulira tina. Chimene tikunena n'chakuti ndalama yochokera kwa mwana wa kuchilendo, kapena ya penshoni, kapena ya ngongole ya kubanki m'khonde, siibwera kaŵiri. Musanapite kusitolo, yezani munda, ŵerengani malita, yezani chitunda, funsani mlangizi ndi amene adayamba kale. Safunsa adadya phula. Ndipo inu anyamata ndi atsikana amene mumafunsa kuti masamu a m'kalasi adzakuthandizani chiyani, yankho lake tidaliona m'kope la abambo aja: kuchulukitsa, kugaŵa ndi kuyeza, zimene mumaphunzira ku pulayimale, ndizo zidapulumutsa munda umene injini yodula idalephera.

Madzulo, dzuŵa litapendeka kumapiri, tidabwerera ku nyumba ya pulasitiki kukatsazika. Panyanja nyali za asodzi zidayamba kuoneka imodziimodzi. Mtsikana uja adali atabwera kusukulu nthaŵi yabwino, ndipo adali atagwada kumapeto kwa mzere ndi makapu ake aŵiri. Adaŵanyamula mosamala nadza nawo kwa agogo ake.

"Agogo, taonani. Lero afanana."

Abambo adaŵayang'ana pa kuŵala kotsalako, nagwedeza mutu, natulutsa foni kuti ajambule. Chithunzicho, adatero, chipita ku Johannesburg usiku womwewo.